THUPI NDIYE KAPITO: NANGA BWANJI ISE A MUMSIKA TIOPA KUTHAMANGA?

Lero sindikamba za mtengo wa unga kapena za dola. Ndifuna tikambirane chinthu chimene ambiri a ife tikamva timaseka: munthu wamkulu wa zaka 40 kapena 50, wa mimba yake na maondo olira, kuyamba kuthamanga. Werengani mpaka pansi, ndiye munitsutse.

Ine kwathu ni ku Zingalume. Sinikamba Zingalume ya mu Lusaka kufupi na George, iyai, koma kwa Mfumu Zingalume ku Chadiza. Ndigulitsa nshawa, kayera na soya. Chaka chilichonse anthu akakolola ndimapita kumudzi kukaoda katundu. Ulendo wina mu June, ndili na zaka 48, ndinaperekeza azakhali ku dimba. Iwo anapitirira kale zaka 70. Pobwerera kuchoka ku dambo pali kachitunda. Iwo anasenza ndowa ya tomato pamutu, ine ndinanyamula foni na kachikwama chabe. Tisanafike pakati, ndinakhala pansi pa chulu. Mtima unali kugunda m'makutu, m'maso chidima, mpweya wosakwana. Azakhali anaima, ndowa ili pamutu, nati: "Mwana wanga, ku tauni mudya bwino, koma mwakalamba kuposa ine."

M'mawa mwake ndinapita pa kiliniki. Anesi anandipima BP kawiri, nandionetsa nambala: 168/102. Anandiuza kuti ikamakhala 140/90 kupita m'mwamba ndiye kuti yakwera. Mutu umene unali kundiwawa kunkhongo miyezi yambiri, ine n'kumamwa panado wa pa kantemba, tsikulo ndinayamba kuukayikira. Anandipatsa mankhwala, nandiuza kuchepetsa mchere na kuyamba kuyendetsa thupi. Ndinawayankha mmene mukanayankhira imwe: "Asisita, ine nisewenza kuyambira 05 mpaka 19 hours. Nilema tsiku lililonse. Exercise ina ya chani?" Anandifunsa funso limodzi: pa maola onsewo, ni angati amene mumakhala pa mpando?

Apa ndiye pali bodza limene timadzinamiza. Tiyesa kulema ni chimodzimodzi na kulimbitsa thupi. Tiyeni tiwerenge tsiku la marketeer. Kuseni tikwera minibasi kapena njinga yamoto mpaka pa geti ya msika. Katundu atinyamulira anyamata a wilibala. Tikayala, tikhala pa kampando kapena pa kreti. Tiyi wa shuga masupuni atatu na vitumbuwa abwera pomwepo. Masana nsima ya pa lesitilanti ya mumsika, ndiwo zosambira mu saladi, mchere wowonjezera pamwamba. Kukatentha, kabotolo ka zozizira. Madzulo mutu walema na kuwerengera chenji, kukangana na makasitomala, kuganiza za chilimba na za sukulu ya ana. Kulema kumeneko n'koona. Koma miyendo na mtima sizinagwire ntchito. Amene akankha wilibala, amene asenza masaka, amene alima na khasu ngati azakhali anga, amenewo nkhani yao ni ina. Ine ndikamba na ife okhala pa tebulo.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati munthu wamkulu afunika mphindi zosachepera 150 pa sabata za kuyendetsa thupi mpaka kupuma mofulumirako, kapena mphindi 75 za zolimba ngati kuthamanga. Mchere usapitirire magalamu 5 pa tsiku, imene ili ngati katiisupuni kamodzi pa zakudya zonse za tsikulo. Kafukufuku wa STEPS amene anachitika muno mu Zambia mu 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi pa akuluakulu asanu alionse ali na BP yokwera. Yang'anani mzere wanu mumsika. Pa matebulo khumi, awiri ali nayo, ndipo ambiri sadziwa, chifukwa BP nthawi zambiri siwawa. Imangodya mwakachetechete misempha ya magazi, mtima, impso na maso, mpaka tsiku limene munthu agwa na sitiroko.

Manje funsani: marketeer akagwa na sitiroko, chichitika n'chiyani? Wa mu ofesi ali na masiku a tchuthi cha matenda, malipiro apitiriza kulowa. Ise tikagona sabata imodzi, tomato aola, tebulo atenga wina, kasitomala azolowera kwa mnzako. Kapito imene tinaisonkhanitsa zaka khumi ipita ku thiransipoti ya kuchipatala na mankhwala. Chilimba chikufuna, wa kaloba ali pa khomo. Mwana wamkazi asiya sukulu kuti azikutembenuza pa mphasa. Tonse tinaziona izi, ena tinasonkha nawo ndalama za maliro. Timateteza katundu na loko ziwiri, timalipira mlonda usiku, koma thupi limene lipanga ndalama zonsezo tililekerera. Ndiye chifukwa chake ndikuti thupi ndiye kapito yoyamba.

Ine ndinayambira komweko ku Zingalume, pakuti ndinali na masabata ena atatu oyembekeza nshawa ziume bwino. Masiku oyamba sindinathamange konse. Ndinali kuyenda mwandawala mu kanjira ka pakati pa minda, kuzizira kwa June kukuluma zala, mphindi 20 n'kubwerera. Mankhwala atayamba kugwira ntchito, anesi atavomereza, ndinayesa kuthamanga kuchoka pa mtengo wa mango kufika pa mtengo wina. Sindinafike. Ndinaima nditagwira maondo, wefuwefu, malovu owawa mkamwa.

Za manyazi musandiuze, ndizidziwa. Kumudzi kwathu mzimai wamkulu athamanga pa zifukwa zitatu: nyumba yapsa, mwana wakomoka, kapena wakumana na gule panjira. Tsiku loyamba amalume ananditsatira na njinga, nkhope ili gwa, nafunsa: "Kwagwanji? Akuthamangitsani ndani?" Ana a sukulu anali kundiperekeza akuseka. Agalu a mudzi wonse anandidziwa. Ku chitsime kunamveka kuti ndalama za ku tauni zayamba kundizunguza mutu. Ndinafuna kuleka. Koma ndinakumbukira chulu chija, ndipo akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Pofika sabata yachitatu amalume omwewo anali kungokweza dzanja ndikamadutsa, ndipo alamu anga awiri anayamba kunditsatira atamanga zitenge zao zolimba.

Pambuyo pake mwana wanga ananditsegulira pa foni njira imene ku maiko ena amaitcha Couch to 5K. Anaiyambitsa munthu wina wa ku America, Josh Clark, mu 1996, ndipo a zaumoyo a boma ku Britain amailimbikitsa kwa anthu ao. Ilibe matsenga. Ni masabata 9, katatu pa sabata, n'kupumula tsiku limodzi pakati. Sabata yoyamba muyenda mwandawala mphindi 5, ndiye muthamanga mphindi imodzi, muyenda mphindi imodzi na theka, mubwereza chomwecho mpaka zikwane mphindi 20. Sabata iliyonse kuthamanga kuwonjezeka pang'ono, kuyenda kuchepa, mpaka pa mapeto munthu akwanitsa mphindi 30 osaima. Ine masabata 9 aja ananditengera miyezi isanu, chifukwa ena ndinali kuwabwereza kawiri kapena katatu. Palibe amene ananilipiritsa faindi.

Chimene chinandipulumutsa ni liwiro. Oyamba ambiri amanyamuka ngati athawa a khansolo, mphindi ziwiri chifuwa chapsa, n'kunena kuti kuthamanga si kwao. Liwiro loyenera ni lija lakuti mungathe kukamba na mnzanu uku muthamanga. Ngati simungathe kutchula mtengo wa meda ya kayera osadukiza mawu, mwathamangitsa, bwererani pa kuyenda. Mtima ni mnofu, umalimba na ntchito ya pang'onopang'ono yobwerezabwereza. Misempha ya magazi imafewa, ndiye BP imatsikako. Minofu ya miyendo ikamagwira ntchito imakoka shuga m'magazi n'kuigwiritsa ntchito. Mtima na mapapo zimazolowera msanga kuposa maondo na akakolo, ndiye chifukwa chake tsiku lopumula lili lofunika ngakhale mumve kuti mphamvu zilipo.

Ndichenjeze, pakuti sindifuna wina akagwe panjira ati ndinamutuma ndine. Musanayambe, kapimitseni BP na shuga. Ngati BP ili pamwamba kwambiri, iyambe yatsika na mankhwala, imwe muzingoyenda. Mukamva kuwawa kapena kuthina pa chifuwa, chizungulire, kapena mtima kudumphadumpha, imani pomwepo mupite kuchipatala tsiku lomwelo. A matenda a shuga amene mumwa mankhwala kapena kubaya jekeseni, musathamange na njala, nyamulani kaswiti, ndipo muziyang'ana mapazi ngati pali chilonda. Chachikulu: kuthamanga sikulowa m'malo mwa mankhwala. Ine mpaka lero ndikumwa kapilisi kanga kuseni kulikonse. Chimene chinasintha n'chakuti nambala inatsika, tulo ndigona, ndipo kachitunda ka ku dambo ndikwera ndowa ili pamutu.

Ndidziwa zimene muzalemba pansipa, ndiye tiyeni ndiyankhiretu.

Ena muzati nthawi palibe. Zoona, amene aoda ku Soweto anyamuka kukali mdima, ndipo mzimai akafika kunyumba apeza mapoto amuyembekeza. Sindikana. Koma tikamba mphindi 30, katatu pa sabata. Pa Sondo masana ilipo imodzi. Zina ziwiri mungazipeze potsika basi masiteshoni awiri musanafike, kapena kusinthana na mnzanu wa tebulo loyandikana nthawi ija ya ma 14 pamene msika uli zii. Timasiyirana tebulo popita ku maliro na ku kitchen party. Tingasiyiranenso pa ichi.

Ena muzati vinthu vadula, kuthamanga kubweretsa njala, ndipo ni masewera a anthu okhuta a ku Kabulonga. Njala ni yoona ndipo sindiichepetsa. Amene agona na njala sindimuuza kuthamanga. Koma tinene chilungamo, ambiri a ife amene tili na tebulo vuto lathu ni kudya kosalongosoka, shuga na saladi na mchere. Wa ku Kabulonga akadwala ali na inshuwalansi na dokotala wake. Ise amene tilibe zimenezo ndife tifunika kwambiri kudziteteza. Za zovala, nsapato zanga zoyamba zinali za salaula. Sankhani zofewa pansi, zosathina zala, musathamange na matropiko. Amai, bra yogwira bwino ni yofunika kuposa tracksuit.

Ena muzati maondo azatha. Maondo amavutika kwambiri na kulemera kwa thupi na kukhala osagwira ntchito. Chimene chipweteka oyamba ni kuwonjezera mtunda mofulumira. Njira ya dothi ngati za kwathu ku Chadiza ni yabwino kuposa tala. Bondo likatupa kapena kuwawa mpaka kutsimphina, pumulani, mukaonetse. Ngati kuthamanga kwakanika ndithu, kuyenda mwandawala kokha kukwanira, malinga thukuta lichoke.

Chinanso chimene sitikamba poyera: tiopa kuonda. Kwathu kuno kunenepa ni chizindikiro chakuti bizinesi iyenda, ndipo munthu akatsika thupi manong'onong'o ayamba, ati adwala, ati kapito yagwa. Ine ndinamva zonsezi. Mai wina anabwera pa tebulo panga na nkhope ya chisoni kudzandilimbikitsa. Ndinamuthokoza, n'kumuitana kuti tikathamange pa Chiweru. Maganizo amenewa atiphetsa. Tiyeni tileke kuyeza umoyo wa munthu na kukula kwa mimba.

Za kukalamba, kumbukirani atate a dziko lino, Kenneth Kaunda. Pa maliro a Nelson Mandela ku Qunu mu December 2013, ali na zaka 89, anapita kukalankhula akuthamanga kaliwiro kao kaja, dziko lonse likuona. Anakhala na moyo mpaka zaka 97. Mkulu wina wochokera ku India, Fauja Singh, anathamanga mpikisano wake woyamba wa London Marathon, makilomita 42, mu 2000 ali na zaka 89. Ise a zaka 45 tikuti tachedwa? Timanyadira Samuel Matete amene anakhala katswiri wa dziko lonse ku Tokyo mu 1991 n'kutenga mendulo ya siliva ku Atlanta mu 1996. Tinakuwa mumsika pamene Muzala Samukonga anatenga bronze ku Paris mu 2024 pa mamita 400, na masekondi 43.74. Koma dziko la anthu othamanga silimangidwa na akatswiri awiri. Limangidwa pamene mwana aona amake na atate ake akumanga nsapato kuseni.

Apa ndiye nkhani ifika kwa atsogoleri. Fauja Singh uja sanafe na mtima. Anagundidwa na galimoto pa msewu kwao ku Punjab mu July 2025. Nditabwerera ku tauni kuchoka ku Zingalume, ndinaona kuti kumudzi kunali kosavuta. Mu komboni muthamanga kuti? M'mbali mwa msewu mulibe poyenda anthu, minibasi na njinga zamoto zikupita pa phewa. Kuseni kuli mdima, malaiti a mu msewu kulibe kapena sayaka, ndipo mzimai yekha sangayese chifukwa cha majanki. Magiraundi ambiri amene tinali kusewererapo tili ana anagawidwa mapuloti. Ngakhale kwathu, amene ayenda msewu wa Chipata kupita ku Chadiza adziwa zaka zimene takhala tikuudandaula. Kuuza anthu pa wailesi kuti azichita maexercise n'kosavuta. Kuwapatsa malo ndiye ntchito.

Ndalama zilipo. CDF ya constituency iliyonse inafika K36.1 miliyoni mu 2025. Khansolo itenga levy kwa ise tsiku na tsiku, mvula kapena dzuwa. Ndiye zopempha zanga ni zitatu, ndipo si zodula. Choyamba, msika uliwonse waukulu ukhale na tsiku limodzi pa mwezi limene a zaumoyo abwera na makina opimira BP na shuga pomwepo, pakuti marketeer sangatseke tebulo tsiku lonse kukaima pa mzere. Chachiwiri, giraundi imodzi mu wadi iliyonse itetezedwe na mapepala, isalazidwe, iikidwe malaiti a sola. Chachitatu, msewu uliwonse watsopano wa mu tauni ukhale na poyenda anthu. Makomiti a misika, lembani izi mupereke ku Ward Development Committee. Khansala na MP akabwera kudzagawa zitenge, afunseni za zimenezi, mosayang'ana chipani chao.

Ndipo kuthamanga kusakhale mlandu. Tikumbukira mu September 2023 pamene apolisi anachenjeza malemu Edgar Lungu kuti kuthamanga kwao kwa pa Chiweru pamodzi na owatsatira kunali ndale, ndipo afunika kudziwitsa apolisi. Aliyense ali na maganizo ake pa nkhani ija. Anga ni akuti msewu wa kuseni ukhale wa aliyense. BP sifunsa khadi ya chipani. Gulu la amai a mumsika likafuna kuthamanga pamodzi lisayambe kudzifunsa ngati lizaoneka la uku kapena la uko.

Koma tisayembekeze boma kuti tiyambe. Ku London mu 2004 anthu 13 anakumana pa Bushy Park kuthamanga makilomita 5 pa Chiweru, kwaulere. Lero zimenezo zitchedwa parkrun, zinafika ku South Africa mu 2011, ndipo zichitika m'maiko ambiri. Ise tili kale na zimene iwo analibe: magulu a chilimba, a village banking, a kwaya, a mzere wa mumsika. Timadziwa kusonkhana na kukumbutsana. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Pezani anzanu atatu kapena anai, amai musapite nokha kukali mdima, valani zowala kuti madalaivala akuoneni, yendani moyang'anana na magalimoto. Amene wajomba osadwala aponye K2 mu kabokosi, pa mapeto a chaka mugule makina a BP a gulu.

Chaka chino nditapita kukaoda nshawa, ndinathamanga kuchoka pa mudzi kufika ku dambo n'kubwerera osaima. Azakhali anali pa khonde akusenda nshawa. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato za salaula, nati: "Manje mungathe kunyamula ndowa." Anandipatsadi.

Sabata ino chitani chimodzi chabe: kapimitseni BP. Mukabwerako lembani pansipa dzina la msika wanu, na tsiku limene mzere wanu ungakumane. Amene muli na mnzanu wa tebulo amene adandaula mutu tsiku lililonse, muonetseni uthenga uno.